Kuyenda m'Blantyre wapansi ndi pa minibasi: yankho kwa mayi wa ku Kasungu

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera imelo kuti mwezi wamawa abwera ku Blantyre kudzachita maphunziro a sabata imodzi, ndipo tsiku Loweruka adzakhala womasuka. Akuti mzindawu sanaufikepo, galimoto alibe, ndipo ndalama zopereka kwa a takisi tsiku lonse sangazikwanitse. Funso lake ndi lakuti: kodi munthu angauone bwanji mzindawu poyenda pansi ndi kukwera minibasi popanda kusochera?

Mayi, choyamba ndikupempheni kuti musadzayese kuona Blantyre yense tsiku limodzi. Mzindawu unamangidwa pa zitunda, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, kotero mtunda umene pa mapu a pa foni umaoneka waufupi umatha kukufooketsani miyendo dzuwa likakwera. Chimene ndimalangiza alendo anga ndi kuyenda pansi m'mawa kuchokera ku Mishoni kukafika ku Mandala, kenaka kukwera minibasi pa msewu umodzi wokha, wa Masauko Chipembere, umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe.

Mudzayambire pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, m'mbali mwa msewu wa ku Chileka, chifukwa ndi pomwe mzindawu unayambira pamene amishoni a ku Scotland anafika mu 1876 ndi kutcha malowa dzina la kwawo kwa David Livingstone. Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, yemwe sanaphunzire za zomangamanga, ndipo amene anaumba njerwa ndi kuziyala anali anthu akuno. Musadzathamangire kulowa m'kati. Mudzayambe mwachizungulira pang'onopang'ono, mukuyang'ana mmene njerwazo zinaumbidwira mosiyanasiyana, ndi mmene nsanja ziwiri za kutsogolo zimasiyanirana. Ine ndakhala ndikupitako zaka zambiri, koma ulendo uliwonse ndimaona kanthu kamene ndinali ndisanakaone.

Mukatsika kuchokera kumeneko mudzadutsa pafupi ndi depoti ya Wenela. Dzinalo ndi la bungwe lomwe linkalemba amuna opita ku migodi ya ku Joni, ndipo mwina mwa agogo a kwanu ku Kasungu alipo amene anapita ulendo umenewo. Mukafika pa nsanja ya wotchi yotchedwa Clock Tower, mudzatsate msewu wa Haile Selassie mpaka ku Victoria Avenue, komwe kuli mabanki ndi holo yakale ya mzinda. Apa sipofunika kuchedwapo.

Msika wa Blantyre uli kumunsi, pafupi ndi mtsinje wa Mudi. Mudzalowemo ndithu, koma chikwama chikhale kutsogolo ndipo foni isakhale m'manja, monga mmene mumachitira pa msika uliwonse wodzaza anthu. Mukaoloka mtsinjewo ndi kukwera chitunda mudzafika pa Mandala House, nyumba yosanja yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. Dzina loti Mandala linabwera chifukwa cha magalasi a m'maso amene John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, ankavala, ndipo lero dera lonselo limatchedwa choncho. M'mwamba mwake muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe losunga mbiri ya dziko lino. Mudzayesetse kufikapo isanakwane nthawi ya nkhomaliro, popeza Loweruka masana malo ambiri amatseka.

Tsopano za minibasi, zomwe ndikuona kuti ndi zimene zikukudetsani nkhawa kwambiri. Kuchokera ku Mandala mungayende pang'ono kukafika pa Ginnery Corner, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, n'kukwera yolowera ku Limbe. Musanakwere, mudzafunse kondakitala yekha kumene ikupita ndi mtengo wake, osati oitanira, chifukwa iwo cholinga chawo n'chakuti galimoto idzaze basi. Mtengo umasintha mafuta akakwera kapena akasowa, choncho ndi bwino kufunsanso mnzanu amene mwakhala naye pampando kuti iye wapereka zingati. Mudzatenge ndalama zing'onozing'ono kuti nkhani ya chenji isakuvuteni, ndipo mudzanene siteji yanu mokweza isanafike, pakuti woyendetsa saima ngati palibe amene wanena kuti akutsika.

Siteji yanuyo ikhale Chichiri. Anthu ambiri amangodutsa ulendo wa ku Limbe, osadziwa kuti chapafupi ndi bwalo la Kamuzu Stadium pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene panja pake paimikidwa mitu ya sitima zapamtunda zoyendera nthunzi. Mukaona zimenezo mudzamvetsa msanga Limbe, tauni yomwe inakula chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo inali payokha mpaka pamene inaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956.

Ngati mphamvu zikadalipo mungapitirire ku Limbe, koma mudzanyamuke kubwerera cha m'ma 4 koloko, chifukwa madzulo okwera amachuluka pa siteji ndipo mdima kuno sumachedwa kugwa ikangokwana 6 koloko. Za njinga zamoto za kabaza, ine sindingakulimbikitseni pa msewu waukuluwo, makamaka ngati woyendetsayo alibe chipewa choti inunso muvale.