Mwana akabwera ndi masamba m'matumba m'malo mwa kope

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anabwera kuno ku England chaka chatha kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwachidule akuti mwana wawo wamwamuna, wazaka zinayi, anayamba Reception, kalasi yoyambirira ya kupulayimale kuno, mu Seputembala. Tsiku lililonse amabwera matumba a jekete atadzaza masamba ouma ndi njere zina zofiirira, malaya ali utoto wokhawokha, kope osaoneka. Akamufunsa chomwe waphunzira amangoti "sssss" ngati njoka. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi kumeneku amaphunzitsa, kapena mwana wanga ndikumutumiza kumasanje? Ndiyambe ndekha kumuphunzitsa a e i o u?"

Achemwali, nditawerenga ndinaseka, osati kukusekani inu ayi, koma ndinadzikumbukira ndekha. Ndimathandizira mphunzitsi m'kalasi ya Reception, ndipo mwezi wanga woyamba ndinkaweruka ndikudzifunsa ngati ndalama ndikulandirazo sindikuba. Ife tinakulira pa bolodi, choko, ndi kuimba "ba be bi bo bu" mpaka kummero kuuma. Kuona ana 30 akukandakanda matope panja n'kumati ndi sukulu, mutu unkakana.

Tiyambe ndi njokayo, chifukwa m'pamene makolo a kwathu timawonongera zinthu ndi mtima wabwino.

Chichewa ndi chilankhulo chachilungamo pa kalembedwe. Malembo a liwu ndi asanu, ndipo momwe walembera ndi momwe uwerengere. Mwana akadziwa maphatikizo, "ma" ndi "dzi" akumana, madzi apezeka. Chingerezi sichotero. Malembo ndi 26 koma maliwu ndi pafupifupi 44, ndiye lembo limodzi limatha kulira mosiyanasiyana. Chichokereni lipoti la Jim Rose la mu 2006, sukulu za boma ku England zimaphunzitsa kuwerenga poyambira pa maliwu, njira yomwe amaitcha phonics. Mwana saphunzira kaye dzina la lembo, "esi", koma liwu lake, "sss". Sayambanso ndi a b c. Ambiri amayamba ndi s, a, t, p, i, n, chifukwa ndi malembo asanu ndi limodzi okhawo mwana akhoza kale kumanga mawu enieni: sat, pin, tap, nap. Teremu ino ya autumn, kuyambira Seputembala mpaka Disembala, ntchito yaikulu ndi imeneyo: kumva liwu, kuliona palembo, kenaka kulumikiza maliwu atatu kuti mawu atuluke.

Vuto lathu nali. Lilime la Mchewa silikonda kusiya lembo lopanda liwu lili lokha. Limafuna kuliveka "i" kapena "a" kumapeto. N'chifukwa chake timati "buku", "sukulu", "basi". Chaka china ndinakhala pansi ndi kamtsikana kena komwe bambo ake, munthu wakhama zedi, ankakaphunzitsa madzulo aliwonse. Ndinaloza mawu akuti "sat". Iko molimba mtima: "sa... a... ta... saata!" Malembo onse kankawadziwa, koma mawuwo sankatuluka, chifukwa lembo lililonse linali litanyamula katundu wowonjezera. Zinatitengera masabata kuti "ta" asanduke kampweya kakafupi chabe, "t". Choncho ngati mukufuna kuthandiza, funsani aphunzitsi dzina la pulogalamu ya phonics yomwe akutsatira, ndipo mumvetsere katchulidwe kake pa intaneti musanayambe. Pa l ndi r, ngati lilime lanu limasakaniza monga langa limachitira ndikatopa, asiyireni aphunzitsi. Ndiponso musayambe ndi malembo akuluakulu. Kusukulu akulemba ang'onoang'ono, lalikulu ndi loyamba la dzina lake lokha.

Zimenezi sizothera m'masewera. Mu Juni wa Year 1, kalasi yotsatira Reception, mwana aliyense amayesedwa kuwerenga mawu 40, theka enieni, theka opeka opanda tanthauzo, kuti aone ngati akulumikizadi maliwu osati kungoloweza. Mayesowa anayamba mu 2012. "Sssss" wa lero akupita kumeneko.

Tsopano njere zofiirirazo. Amazitcha ma conker, zimagwa mumtengo wa horse chestnut mu Seputembala ndi Okutobala. Choyamba, sizidyedwa. Zimafanana ndi zina zomwe amawotcha m'misika nthawi ya Khirisimasi, koma izi zimadwalitsa m'mimba, ndiye ngati m'nyumba muli khanda lokwawa, zisungeni patali. Chachiwiri, ndiwo timitengo ndi zitsekerero za mabotolo zomwe ife tinkanyamula popita ku Sitandade 1. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mtengo ndi umene umagawa.

Chimene chinandidabwitsa pa masamu ndi kuchepa kwa manambala. Ndondomeko ya boma ya ana aang'ono, yomwe inakonzedwanso mu 2021, ikufuna kuti pofika kumapeto kwa Reception mwana adziwe bwinobwino manambala mpaka 10, azitha kuwerengera pakamwa kupitirira 20, ndipo azizindikira zinthu zosapitirira zisanu mongoyang'ana, osaloza ndi chala. Mudzamva aphunzitsi akuti subitising. Ndi luso la mayi wa pamsika amene amaona mulu wa tomato n'kudziwa kuti wapelewera mmodzi asanaukhudze. M'kalasi mwathu timaika ma conker asanu pambale, n'kuvindikira ena ndi kapu. "Ukuona awiri. M'kapumu muli angati?" Mwana amene amayimba wani, thuu, firii mpaka handiredi kunyumba, alendo n'kumuwombera m'manja, kawirikawiri amakakamira pomwepa. Kuimba manambala n'kwina, kudziwa kuti mu 5 muli 2 ndi 3 n'kwinanso. Ine ndimaona kuti apa azungu anaganiza bwino, ndipo kuchedwa kwakeko ndi kumene kumapindula. Masamba nawo amalowa momwemo: kuwasanja potengera mtundu, kuyambira laling'ono mpaka lalikulu, kapena kuyala lofiira, lachikasu, lofiira, lachikasu, mwana n'kunena lotsatira.

Za utoto ndinene moona, sizonse zili ndi phindu. Mukaona pakhoma tiakanungu 30 tofanana ndendende, dziwani kuti anadula ndi munthu ngati ine nthawi ya nkhomaliro, ana anangomata. Zimenezo n'zokondweretsa makolo. Koma mwana akaika tsamba pansi pa pepala n'kukhwekhweretsa kirayoni mpaka mitsempha ya tsambalo itaonekera, dzanja limodzi likugwira pepala, linalo likuphunzira kukanikiza mosapyola. Akamatola njere za dzungu ndi kapanira, kapena kuumba kanyale ka dothi ka chikondwerero cha Ahindu cha Diwali, zala zitatu zomwe zidzagwire pensulo zikukhwima. Mwana wazaka zinayi mafupa a m'manja mwake sanamalize kukula. Mukamukakamiza kulemba masamba awiri a kope amagwira pensulo ngati mpini wa khasu, ndipo chizolowezicho chimavuta kuchotsa. Kumbukirani kuti kwathu Sitandade 1 timayamba tili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, titaumba kale ng'ombe zadothi zosawerengeka ndi kusewera phada mpaka zala kuchenjera. Wanuyo ali ndi zinayi. Masanje mukunenawo alipodi, kuli kakhitchini ka matope kuseri kwa kalasi, ndipo ine ndinasiya kukanyoza nditamva ana awiri akukangana ngati makapu atatu a matope akwanira anthu anayi.

Sabata ya 5 Novembala mudzaona chithunzi cha choko papepala lakuda, mizere yozungulirazungulira ngati makombola. Ndi Bonfire Night, yokumbukira chiwembu cha Guy Fawkes ndi anzake chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mu 1605. Mizere yopindika ija ndi yomweyo idzakhale c, o ndi a. Pofika 11 Novembala adzabwera ndi duwa lofiira lokumbukira asilikali omwe anafera kunkhondo.

Ndiye a e i o u mumuphunzitse? Kuwerenga Chichewa dikirani kaye, mpaka maliwu a Chingerezi atakhazikika. "A" wathu ndi "a" wa mu "cat" akakumana m'mutu umodzi teremu yoyamba amasokonezana, ndipo Chichewa adzachigwira msanga pambuyo pake. Koma kulankhula, chonde musasiye. Musasinthe n'kuyamba kumulankhula Chingerezi chokhachokha poganiza kuti mukumuthandiza. Mufotokozereni nthano za Kalulu, mutumeni m'Chichewa, akabwera ndi tsamba mufunseni kuti walitola pati, bwanji lasanduka lachikasu. Yankho lake, mukafuna kumuuza, ndi lakuti dzuwa likayamba kuchepa mtengo umasiya kupanga zobiriwira zija, ndiye chikasu chomwe chinabisika chimaonekera. Mwana wodziwa kulongosola nkhani m'chilankhulo cha mayi ake savutika kuilongosola m'china. Kabuku komwe amabwera nako m'chikwama, ngakhale kakhale kopanda mawu, khalani nako mphindi khumi. Ndikudziwa mashifiti a ntchito yanu. Mphindi khumi za m'basi zimawerengedwanso.

Sukulu zambiri zimaitana makolo kudzakumana ndi aphunzitsi chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala. Pitani, ndipo musangofunsa kuti "akuchita bwanji?" chifukwa adzakuyankhani kuti "lovely" n'kukutsanzikani. Funsani kuti ndi maliwu ati omwe akuwadziwa, ngati wayamba kulumikiza, komanso ngati amalankhula ndi anzake. Ngati pofika Khirisimasi sakumvabe kuti "sun" ndi "sock" akuyamba mofanana, auzeni aphunzitsi, ndipo pemphani adokotala amuone makutu, chifukwa chimfine cha nyengo ino chimatsekereza ana ambiri makutu osadziwika. Ngati anabadwa mu Julayi kapena Ogasiti, musamuyerekeze ndi wobadwa mu Seputembala. Kalasi ndi imodzi koma akusiyana pafupifupi chaka chathunthu.

Lamulungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi, ndipo posakhalitsa muzidzafika kunyumba kuchokera kusukulu kukuyamba kale kuda. Kuzizira sikuwaletsa kutuluka panja, ndiye mugulireni majombo a mphira ndi jekete losalowa madzi, mulembe dzina lake mkati mwa chilichonse. Ndipo musanaponye jeketelo m'makina ochapira, pisani m'matumba. Ine conker mmodzi anandigogodera makina usiku wonse, ndinkayesa afa.