Mthunzi, chithunzithunzi ndi wotchi ya miyala ya ku Jaipur

Mphunzitsi wina wa kusekondale m'boma la Ntcheu walemba kuti: "Ndikufuna kufotokozera ana za Jantar Mantar ya ku India, kumene anthu akale ankayang'anira nyenyezi ndi kuyeza nthawi pa zipangizo zomanga ndi miyala. Malo oterewa tiziwatchula bwanji? Ndalemba 'nyumba ya nyenyezi' koma mtima sukuvomera."

Aphunzitsi, mtima wanuwo uli ndi nzeru. Nyumba imakhala ndi denga, ndipo denga limatchinga chinthu chenichenicho chimene anthuwa ankafuna kuona. Jantar Mantar ya mumzinda wa Jaipur ndi bwalo lapamtetete lokhala ndi zipangizo 19, zimene mfumu Sawai Jai Singh II inamaliza kumanga mu 1734. Komanso mwana akamva "nyumba ya nyenyezi" ayesa kuti nyenyezizo ndiye zimagona m'menemo.

Chichewa chimatchula malo ndi ntchito yake: chipinda chophikira, bwalo losewerera, mwala wochapirapo. Ndiye lembani kuti malo oonera nyenyezi, ndipo mwatha. Pofunika kusamala ndi kumapeto kwa mawuwo, chifukwa -po, -ko ndi -mo zimaulula kamangidwe ka chinthucho. Ku Gyeongju m'dziko la South Korea kuli Cheomseongdae, yomangidwa m'zaka za m'ma 600 m'nthawi ya mfumukazi Seondeok, yotalika mamita 9. Imeneyo ndi nsanja yoonerapo nyenyezi, mawu omwe mwana aliyense amene anakwerapo pansanja yoingitsira mbalame m'munda wa mapira awamva msanga. Koma ku Jaipur kuli chipangizo china, Jai Prakash Yantra, chonga mbale zikuluzikulu ziwiri zolowa pansi, chokhala ndi mipata yoti munthu atsikiremo n'kumawerenga mizere. Chimenecho n'chooneramo, kapena kuti choyezeramo. Mukachitchula nsanja mwanamiza ana. Ndipo mukamanena za mzinda wonsewo muli kuno kwathu, ndi kumene ankaonerako nyenyezi.

Funso lachiwiri lachokera kwa mayi wina amene amamasulira nkhani ku Johannesburg: "Pa wotchi yoyendera dzuwa, chimene chimasonyeza nthawi ndi mthunzi, chithunzi kapena chithunzithunzi?"

Mayi, mawu atatuwa ndi apachibale koma sadyera mbale imodzi. Chithunzi chichotseni msanga. Masiku ano munthu akamva chithunzi amaganiza za chojambula cha pafoni kapena chapakhoma. Mpikisano weniweni uli pa awiri otsalawa.

Mthunzi ndi malo obisalira dzuwa. Timakhala pamthunzi, timausa pamthunzi, mbuzi zimathawira kumthunzi. Chithunzithunzi chili ndi maonekedwe a mwini wake, chili ndi malire, chimatalika m'mawa, kufupika masana, n'kutalikanso dzuwa likapendeka. Pa wotchi ya dzuwa, chipangizo chimene chimasonyeza nthawi ndi chithunzithunzi chogwera pamizere, chofunika ndi mphepete mwa chithunzithunzicho, pamene mdima ukukumana ndi kuwala. Taganizani za Samrat Yantra, chipangizo chachikulu kuposa zonse ku Jaipur. Ndi khoma la makona atatu lotalika mamita 27, lokhala ndi makwerero pamsana pake, ndipo mbali zonse ziwiri kuli mapiko okhota olembedwa mizere ya maola, mphindi mpaka timizere ta masekondi awiri. Mphepete mwa chithunzithunzi cha khomalo mumasuntha pafupifupi masentimita 6 pa mphindi imodzi, moti munthu ataima pafupi amachiona chikuyenda. Ine pamenepo ndingalembe chithunzithunzi. Sindikunena kuti wolemba mthunzi walakwa, pajatu agogo athu amati "mthunzi wa mtengo wafika pankhokwe, kamasuleni mbuzi," ndipo palibe amawakonza. Koma m'chiganizo ngati "alendo anakhala pamthunzi wa khomalo n'kumayang'ana chithunzithunzi chake chikuyenda pamizere," mukuona nokha kuti liwu lililonse lili ndi ntchito yake.

Mungochenjera ndi chimodzi: chithunzithunzi chimatanthauzanso kudziwa nkhani mwapatalipatali, monga tikamati "ndili ndi chithunzithunzi cha zimene zinachitika." Musachiyike m'chiganizo chimodzi kawiri ndi matanthauzo onse awiri.

Mnyamata wina wa ku Zomba wafunsa mwachidule ngati "kuona nyenyezi ndi maso amaliseche" n'Chichewa. Ayi, achimwene, ndipo musadzanene pamaso pa apongozi. Maso savala, choncho savulanso. Timati kuona ndi maso okha, kapena popanda makina oonera kutali. Chodabwitsa n'chakuti pamene Jai Singh ankamanga malowa, makina oonera kutali anali atakhalapo kale zaka zoposa 100. Iye anasankha miyala chifukwa zipangizo zamkuwa zimene anazipeza zinali zazing'ono, zogwedera ndiponso zosachedwa kuperepeseka. Khoma siligwedera, ndipo likakula mizere imatalikirana bwino. Nzeru yomweyi ndi imene mfumu Ulugh Beg inagwiritsa ntchito ku Samarkand, mzinda umene lero uli m'dziko la Uzbekistan, m'zaka za m'ma 1420, mpaka inalemba mndandanda wa nyenyezi zoposa 1,000.

Aphunzitsi a ku Ntcheu aja anawonjezera kafunso kena kumapeto: anthu ogwira ntchito pamalowa tiziti openda nyenyezi? Apa m'pofunika kuponda mosamala. Kupenda kumapendekera ku zolosera, ndipo ambiri akamva openda nyenyezi amaganiza za anthu ouza munthu tsogolo lake potengera tsiku lobadwa. Oyeza kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, owerengera tsiku la kadamsana, ndi akatswiri a zakuthambo. Vuto n'lakuti ku Jaipur ntchito ziwirizi zinkayendera limodzi. Pali zipangizo 12, Rashivalaya Yantra, chimodzi pa gulu lililonse la nyenyezi zimene dzuwa limadutsamo pachaka, ndipo miyeso yake inkathandizanso olosera posankha masiku abwino. Choncho tchulani munthu malinga ndi chimene akuchita m'chiganizo chanucho. Akamayeza ndi katswiri wa zakuthambo, akamalosera ndi wopenda nyenyezi.

Pomasulira nkhani ya masana ku Jaipur, dzanja limathamangira kulemba kuti dzuwa lili paliwombo. Monga dzina la nthawi, palibe cholakwika, aliyense amva kuti ndi 12 koloko. Koma ngati mukufotokoza pamene dzuwa laima penipeni, mawuwa akunamizani. Jaipur ali pa madigiri 27 kumpoto kwa ikweta, ndipo kumeneko dzuwa silifika pamwamba penipeni pa mutu ngakhale tsiku limodzi. Ku Lilongwe limafikadi paliwombo kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, pamene mtengo woongoka umatsala pang'ono kusowa chithunzithunzi. Za ku Jaipur lembani kuti dzuwa lafika pachimake, chithunzithunzi chaloza kumpoto.