Kahatchi kowonda kamene mwakalandira ku Kyalami

Achimwene, ndawerenga funso lanu lakuti abwana anu atenga kahatchi ka mtundu waufupi wotchedwa miniature kamene kanasiyidwa pa pulazi ina popanda wokasamalira, nthiti zili poyera, ziboda zitapindikira m'mwamba, ndipo akufuna kuti kakalowe chionetsero mu Novembala. Ine ndagwira ntchito m'makola a mahatchi kuno ku Joni zaka zambiri, choncho ndikuuzani mosapsatira mawu kuti za Novembala muziiwale, chifukwa chinthu choopsa kwambiri sabata ino ndi chifundo cha amene akukadyetsa.

Thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali likalandira mwadzidzidzi chakudya chochuluka sitachi ndi shuga, michere ya phosphorus, potassium ndi magnesium imatsika m'magazi, mtima umafooka, ndipo nyamayo imatha kufa masiku ochepa itayamba kudya, pamene aliyense akuti yachira. Izi ndinaziona ndi maso anga. Mnyamata amene ndinkagwira naye ntchito anamvera chisoni kamsoti kotere, nakathirira ndowa ya mapeleti usiku uliwonse osatiuza. M'mawa wa tsiku lachinayi tinakapeza katagona chammbali, miyendo ikunjenjemera, ndipo pamene dokotala wa ziweto ankafika n'kuti katatsirizika.

Njira imene akatswiri a ku yunivesite ya California ku Davis anaiyesa ndi yopatsa lucerne wouma (mbewu ya masamba yodyetsa ziweto) pang'onopang'ono maola anayi aliwonse kwa masiku atatu oyamba, kenaka n'kumawonjezera mpaka tsiku lakhumi. Hatchi yaikulu amaiyambitsa ndi pafupifupi theka la kilogalamu pa chakudya chilichonse, ndiye kanuko kayenera kulandira kagawo kochepa kwambiri, kamene dokotala angakuuzeni atakaika pa sikelo. Madeya, chimanga ndi msipu wobiriwira wa kikuyu zidikire, koma madzi oyera asasowe. Komanso musakamane chakudya mopitirira, pakuti timahatchi iti, mofanana ndi abulu, tikasiya kudya tsiku limodzi kapena awiri mafuta amadzadza m'magazi n'kuwononga chiwindi. Kakangokana chakudya, itanani dokotala tsiku lomwelo.

Mankhwala a njoka za m'mimba musathamangire. Tepi yoyezera kulemera imanama pa timahatchi tating'ono, ndipo mankhwala a moxidectin akapitirira muyeso pa nyama yowonda amapha. Kaikeni pakokha sabata zitatu poopa strangles, matenda opatsirana a pakhosi pa mahatchi. Katemera wa matenda akupha mahatchi otchedwa African horse sickness amabayidwa kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 31 Okutobala, koma dokotala ndiye aone ngati kali ndi mphamvu zoulandira. Pakadali pano kazilowa m'khola dzuwa lisanalowe n'kutuluka litakwera, popeza tizilombo touluka tofalitsa matendawa timaluma madzulo ndi mbandakucha.

Ziboda ndi zimene zidzakuuzeni tsiku la chionetsero. Wosema ziboda azichotsa pang'ono sabata zinayi zilizonse, chifukwa akadula zonse tsiku limodzi kahatchiko kadzatsimphina, ndipo chiboda chatsopano chimatenga miyezi 9 mpaka 12 kuti chitsike kuchokera pamwamba kufika pansi. Mukaona mizere yozungulira chiboda, yotalikirana cha kuchidendene, pemphani X-ray, pakuti nthawi zambiri ndi chizindikiro cha laminitis, matenda otupitsa m'kati mwa chiboda. Mano nawonso aonedwe: ndi ochuluka ngati a hatchi yaikulu koma athinana m'kamutu kakang'ono, ndipo kahatchi kogwetsa udzu wotafunidwa theka sikanganenepe.

Za chionetsero, abwana anu ayambe ndi mapepala. Akhale ndi kalata yosainidwa yosonyeza kuti mwini wakale wakapereka, chifukwa ndaonapo anthu akubwera kudzalanda nyama itanenepa. Ngati sikanalembetsedwe ku bungwe la oweta mtunduwu, kangathe kulowa zionetsero wamba zokha. Malire a msinkhu amasiyana. Bungwe la ku America la oweta timahatchi iti, la AMHA, limene linayamba mu 1978, sililandira kopitirira masentimita 86, choncho funsani malamulo a kumene mukupitako. Thupi lokha limabwerera pakatha miyezi itatu mpaka isanu, likafika pa 5 pa muyeso wa Henneke woonera kunenepa kwa hatchi, pamene nthiti sizioneka koma zimamveka mukakhudza.

M'miyezi imeneyi muzikhala m'khola mwake mphindi zingapo tsiku lililonse osakagwira, kufikira katabwera kokha kudzakununkhizani. Kenaka kazolowere chingwe cha kumutu, kunyamulidwa miyendo, kuima molunjika ndi kuthamanga pambali panu chingwe chili cholendewera. Makina ometera ubweya muziwaliza chapatali kadakali kudya. Chaka chamawa mukakatengere ku chionetsero chaching'ono kuti kakangoona anthu ndi kumva zokuzira mawu, osakalembetsa mpikisano, ndipo kakadya udzu wake pamenepo popanda kunjenjemera, auzeni abwana alipire ndalama yolowera chionetsero chotsatira.