Yankho kwa amalume pa za agogo aja

Eee malume mwaswera bwanji, voice yanu ija ndaimva, pepani ndinali pa night kuntchito kuchipatala ndiye ndangodzuka kumene. Mukufunsa kuti agogo oyandikana nafe kumudzi aja, amene adzukulu awo awamenya ati ndi mfiti, achipatala alowapo bwanji poti nkhani ili kale kwa amfumu? Malume chonde mawa lomweli apite nawo kuchipatala, musadikire bwalo ayi.

Mabala amapola malume. Pakatha masabata awiri kutupa kwaphwa, anyamata aja adzangoti anagwa okha popita kuchimbudzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mukadzera ku polisi ku Victim Support Unit amakupatsani kalata, a clinical officer amawayeza n'kulemba medical report, bala lili pati, lalikulu bwanji, pepala limenelo ndi lomwe limakayankhula kukhoti. Ngati avulala kwambiri yambani kuchipatala, kalata ibwera pambuyo. Komanso agogo ambiri sanena, amaopa kuti mdzukulu akamangidwa anditungira madzi ndani, ndiye ife achipatala timayamba tawatulutsa panja owaperekeza aja n'kucheza ndi agogowo paokha, apo m'pamene umamva kuti ndalama za Mtukula Pakhomo sazigwira n'komwe, nsima kamodzi patsiku, mankhwala a BP anatha kalekale.

Chikundiwawa kwambiri n'chimene mwanena chija, kuti amayankhula okha, amayenda usiku, tsiku lina anapezeka pakhomo pa eni ake m'bandakucha nsalu atataya. Malume zimenezo nthawi zambiri ndi matenda oiwalaiwala aukalamba aja, dementia, munthu amasochera ngakhale pabwalo pake pomwe. Inuyo mukanena adzati mukuikira kumbuyo mfiti, koma wachipatala akaima pamaso pa amfumu n'kufotokoza, ena mitima imatsikako. Kumbukirani ku Neno mu 2016, nkhalamba zinayi zinaphedwa chifukwa mtsikana anaombedwa ndi mphenzi, mphenzi malume, zinayamba ndi manong'onong'o ngati amenewa.

Tsono ifenso patokha sitingathe, tikawamanga mabala n'kuwabweza m'nyumba yomweyo tapanga chani? N'chifukwa timaitana a social welfare aone kokhala, apolisi atsate mlandu, ndiye wa zaumoyo wa m'mudzi uja, HSA, azikawazonda poti iye ndi amene amayenda khomo ndi khomo. Amfumu muwakumbutse mwaulemu kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, lamulo lake ndi la 1911, ndipo mu 2024 aphungu anakhazikitsanso lamulo loteteza achikulire.

Atenge buku lawo la kuchipatala, ndipo owaperekeza asakhale wa m'nyumba momwemo, bola azakhali. Ya kabaza nditumiza pa Airtel Money madzulo ano, mukafika mundiflashe ndiyankhule ndi amene ali pa duty.