Kodi mankhwala ochiritsiratu sickle cell apezeka?

Funso: Mwana wanga wa zaka 9 ali ndi sickle cell. Kukazizira mafupa amamuwawa mpaka kugona osagona, ndipo chaka chino amuika magazi kawiri. Alamu anga a ku Leeds akuti ku UK apeza mankhwala ochiritsiratu. Ndi zoona? Ndili wokonzeka kugulitsa munda. Mayi wa ku Balaka.

Yankho: Mayi, munda musagulitse. Komabe alamu anuwo sananame. Mankhwalawo ndi Casgevy. Dziko la UK lidawavomereza mu Novembala 2023, America mu Disembala chaka chomwecho.

Si mapiritsi ayi. Madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo n'kuwakonza ku labotale ndi njira yosinthira majini yotchedwa CRISPR, kuti thupi liyambenso kupanga himogulobini (chinthu chonyamula mpweya m'magazi) ya mtundu uja mwana amakhala nawo ali m'mimba, yomwe siipinda maselo a magazi ngati chikwakwa monga zimachitikira pa sickle cell. Asanawabwezere m'thupi, wodwala amalandira chemotherapy yamphamvu (mankhwala onga a khansa) yomwe ingathe kumuchotsera mphamvu yobereka, ndipo akawabwezera amagona m'chipatala masabata angapo. Pa nthawi yowavomereza adaloleza a zaka 12 kupita m'tsogolo. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi.

Chimandiwawa n'chakuti ku America nthendayi amaiwerengera m'gulu la matenda osowa, popeza odwala alipo pafupifupi 100,000. Lamulo lawo la 1983 limapatsa makampani mwayi wapadera akapanga mankhwala a matenda ogwira anthu osakwana 200,000, ndipo lathandizadi kuti mankhwala ambiri apangidwe. Koma ana ambiri obadwa ndi sickle cell amabadwira kuno ku Africa, kumene mtengo woterowo ngakhale boma silingauthe.

Chomwe mungachifikire ndi hydroxyurea, mankhwala akale omwa tsiku ndi tsiku. Sachiritsa, koma kafukufuku wa REACH, yemwe adachitika pa ana a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, ndipo zotsatira zake zidatuluka kumayambiriro kwa 2019, adaonetsa kuti ululu udachepa, kuikidwa magazi kudachepa, malungo ngakhalenso imfa zidachepa. Mukapitanso kuchipatala funsani adokotala ngati mwanayo angayambe kumwa, ndipo akayamba azimuyeza magazi pafupipafupi. Musakagule nokha ku famase.

Kunyumba azimwa madzi ambiri, azigona mu neti, Juni ndi Julaye azivala juzi ngakhale anzake akuthamanga opanda malaya. Thupi likangotentha kapena akayamba kubanika, thamangirani kuchipatala usiku womwewo, musadikire kuti kuche.