Tikupita kukatumikira ku Scotland: nanga pakati pa sabata tizikatani?

FUNSO: Amuna anga ndi abusa, ndipo sinodi yathu yawasankha kuti akatumikire kwa zaka zitatu pa mpingo wina pafupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland. Tipita limodzi ndi ana athu awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 14. Za ntchito ya paguwa sindikuda nazo nkhawa, koma chimene chikundisowetsa tulo ndi masiku a pakati pa sabata. Kuno nyumba ya abusa sisowa alendo, ndipo ine ndimatanganidwa ndi Mvano, maliro ndi zinkhoswe, pamene kumeneko ndamva kuti aliyense amadzitsekera m'nyumba mwake. Kodi tsiku limatha bwanji? Tizikadya chiyani, ndipo tizikapita kuti ndi anawa? — Mayi busa, Zomba

YANKHO: Mayi, zimene mwamvazo ndi zoona ndithu, ndipo ndi bwino kuti mwayamba kuziganizira musanakwere ndege. Palibe amene adzagogode pakhomo panu m'mawa kudzangokupatsani moni. Ku Scotland munthu safika pakhomo pa mnzake asanapangane naye tsiku ndi ola, ngakhale mnzakeyo akhale mbusa wake, choncho mukakhala chete kudikira alendo monga munazolowera ku Zomba, mutha kumaliza sabata yathunthu osalankhula ndi munthu wina kupatula amuna anu ndi ana. Musadzaganize kuti akhristuwo sakukufunani. Iwo amaona kuti kukusiyani nokha ndiko kukulemekezani. Chimene ndikukulangizani ndi chakuti muzituluka inuyo, tsiku lililonse, ngakhale kunja kukugwa mvula, chifukwa anthu amene mwatumidwa kwa iwo mudzawapeza kunja kwa nyumba ndiponso kunja kwa tchalitchi.

Ndikunena izi chifukwa cha mmene dzikolo lilili lero. Pa kalembera wa mu 2022, anthu opitirira pang'ono theka la anthu onse a ku Scotland ananena kuti alibe chipembedzo chilichonse, ndipo amene anadzitchula kuti ndi a Church of Scotland anali munthu mmodzi pa anthu asanu alionse. Matchalitchi ambiri akutsekedwa, ena akugulitsidwa, ndipo mipingo ikuphatikizidwa. Lamulungu mudzapeza anthu ochepa, ambiri a iwo okalamba, mapemphero adzatha pa ola limodzi, kenaka mudzamwa tiyi ndi mabisiketi mu holo ya mpingo. Tiyi ameneyo musamathawe, pakuti ndi pamene mudzamve kuti wadwala ndani, ndi masiku ati amene amayi a Guild, amene ali ngati Mvano wa kumeneko, amakumana, ndiponso ndi liti pamene mpingo umagawa chakudya kwa mabanja osowa. Mudzadabwa kuona kuti m'dziko lolemera chotero muli anthu amene amafola pamzere kulandira zitini za nyemba, koma alipo, ndipo mayi busa amene amathandiza pamalo otere amadziwana ndi anthu a m'dera mwake msanga kuposa amene amangoonekera Lamulungu.

Maliro nawo adzakudabwitsani. Mbusa wa Church of Scotland amatumikira aliyense wokhala m'dera la mpingo wake, wopemphera ndi wosapemphera yemwe, choncho abusa azichititsa miyambo ya maliro a anthu amene sanawaonepo n'kale lonse. Kulibe kugona pa siwa, kulibe kwaya yochezera usiku, mwambo umachitika patapita sabata kapena kuposerapo munthu atamwalira, ndipo mitembo yambiri imawotchedwa m'malo moikidwa m'manda. Ntchito imene munazolowera yopita kukaphika ndi kukhala ndi anamfedwa simudzaipeza. Chimene chimayamikiridwa kwambiri ndi kadi yopepesa yolembedwa pamanja, ndiponso kuimba foni patapita masabata angapo, pamene abale onse abalalika ndipo namfedwa watsala yekha.

Tsopano za dzuwa, chifukwa ndilo lidzalamulire tsiku lanu kuposa wotchi. Kumapeto kwa Disembala dzuwa ku Glasgow limatuluka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko m'mawa ndipo limalowa 4 koloko isanakwane, kotero kuti ana amapita kusukulu kusanache bwino ndi kubwerako chisisira chitagwa. Mu Juni zimatembenuka, moti 10 koloko usiku kunja kumakhala kukuwalabe ndipo ana amakana kugona. Miyezi ya mdima ija ndi imene imafooketsa anthu ochokera kwathu kuno, ndipo ambiri amayamba kungokhala okhumudwa osadziwa chifukwa chake. Boma la kumeneko limalangiza anthu onse kumwa vitamini D kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo a khungu lakuda ngati ife amalangizidwa kumwa chaka chonse. Kalembetseni kwa dokotala wa m'dera lanu sabata yoyamba yomwe, musanadwale. Gulani jekete yosalowa madzi ndi nsapato zolimba. Ambulera sithandiza kwenikweni chifukwa mphepo ya kumeneko imaithyola. Pakati pa tsiku, kuwala kukadalipo, tulukani mukayende ngakhale kwa theka la ola. Mukafuna kuimbira foni abale ku Zomba, kumbukirani kuti m'nyengo yozizira ya kumeneko ife kuno timatsogola ndi maola awiri, pamene m'nyengo yotentha timatsogola ndi ola limodzi, chifukwa iwo amasintha mawotchi kumapeto kwa Malichi ndi kumapeto kwa Okutobala.

Nsima mudzadya, musade nkhawa. M'masitolo a anthu a ku Africa ndi a ku Asia mumapezeka ufa wa chimanga, nthawi zambiri wochokera ku South Africa, pamodzi ndi nyemba, therere lobala ndi mtedza, ndipo masamba amene pa Chingerezi amawatcha "kale" amalowa bwino m'malo mwa chomoliya. Mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga wakhala ukugulitsidwa m'matchalitchi ndi m'masukulu a ku Scotland kwa zaka zambiri, moti mwina akhristu anu ena anaudyapo kale. Nyama ndi zinthu zamkaka musanyamule kuchokera kuno, popeza malamulo awo salola. Mukakhazikika, itanani akulu ampingo awiri kapena atatu kuti adzadye nanu, koma muwauze tsiku ndi ola pasadakhale, ndipo inunso musunge olalo.

Pa za ana pali mfundo ziwiri zofunika kuzidziwa. Kuyambira Novembala 2020, kumenya mwana, ngakhale kambama kochepa, ndi mlandu ku Scotland, ndipo mwana akanena kusukulu aphunzitsi sangaubise. Yachiwiri ndi ya mpira. Mumzinda wa Glasgow mkangano wa matimu a Celtic, yovala zobiriwira ndi zoyera, ndi Rangers, yovala zabuluu, unalowerera kalekale mu udani wa pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti. Mwana wa mbusa asamangoyendayenda ndi jezi ya timu iliyonse mwa awiriwa pa tsiku la masewero, ndipo abusa asamachite nthabwala za mpira paguwa asanadziwe bwino anthu awo. Chosangalatsa n'chakuti ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 21 okhala ku Scotland amakwera basi ulere akakhala ndi khadi yake, choncho kuyenda ndi ana anu awiriwo sikudzakulemerani kwambiri.

Ulendo woyamba wokaona malo ukhale wa ku Blantyre, Blantyre yeniyeni imene mzinda wathu unatengera dzina mu 1876. Ndi tauni yaing'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo pa sitima kuchokera ku Glasgow Central simutha theka la ola. Kumeneko kuli nyumba yaitali yoyera yotchedwa Shuttle Row, mmene David Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, chokhala ndi mabedi olowa m'khoma, ndipo mnyamatayo anayamba kugwira ntchito pa fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, akuphunzira madzulo ataweruka. Ana anu ayenera kuchiona chipindacho ndi maso awo, chifukwa kusukulu timawaphunzitsa za Livingstone ngati kuti anali bwana kuyambira kubadwa. Nyumbayi inakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2021, ndipo tsopano imafotokozanso za anthu a ku Africa amene ankayenda naye, kuphatikizapo Susi ndi Chuma, amene anatsogolera anzawo kunyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka kukafika kugombe la nyanja ya mchere mu 1874. Panja pali chiboliboli chachikulu cha mkango ukumugwira paphewa, chimene mwana wanu wamng'onoyo sadzachiiwala.

Pa masiku a mvula, nyumba ya zinthu zakale ya Kelvingrove mumzinda wa Glasgow amalowa ulere, monganso nyumba zina zambiri zotere za mumzindamo. Kukacha bwino, kwerani sitima yopita ku Balloch mukaone nyanja ya Loch Lomond, koma ana asalowe m'madzi poganiza kuti ali ku Mangochi, chifukwa madzi ake ndi ozizira kwambiri ngakhale m'chilimwe ndipo anthu akhala akumira. Lamulo la mu 2003 limalola munthu kuyenda pansi m'mapiri, m'nkhalango ndi m'malo ambiri a eni ake, malinga asawononge mbewu, asasokoneze ziweto ndipo asayandikire nyumba za anthu. Ulendo wa ku chilumba cha Iona, kumene mmishonale wina dzina lake Columba anafika kuchokera ku Ireland mu 563 n'kuyamba kufalitsa Chikhristu m'dera limenelo, ndi wautali: sitima mpaka ku Oban, boti kupita ku chilumba cha Mull, basi kudutsa chilumbacho, kenaka boti lina. Umenewo muusungire miyezi ya Meyi kapena Juni ndipo mukagoneko. Pa maulendo onsewa, ngati wina wa mumpingo wanena kuti akuperekezani pa galimoto yake, musakane chifukwa cha manyazi. Anthu a kumeneko amamasuka kulankhula za mumtima akuyenda kuposa atakhala pabalaza.

FUNSO: Ine ndine mkulu wa mpingo. Abusa athu amene tinawatumiza ku Ulaya amaika zithunzi pa Facebook ali m'mapiri, ali m'mbali mwa nyanja, ali m'nyumba zachifumu zakale. Akhristu ayamba kung'ung'udza kuti tinatumiza munthu wokaona malo. Kodi ndiwalembere kalata yowadzudzula? — Mkulu wa mpingo, Mulanje

YANKHO: Bambo, kalata lembani, koma isakhale yodzudzula. Zithunzi zimene mumaonazo mwina ndi za tsiku limodzi pa sabata limene mbusa amapuma, ndipo ambiri mwa malo amenewo safuna ndalama zambiri kupatula tikiti ya basi kapena ya sitima. Ntchito yeniyeni ya masiku enawo siingajambulidwe. Mbusa sangaike pa intaneti chithunzi cha nkhalamba imene akuichezera m'nyumba yosungira okalamba, kapena cha banja lolira, kapena cha ana a sukulu imene wakalankhulako, chifukwa malamulo a kumeneko oteteza ana ndi zinsinsi za anthu ndi okhwima, ndipo atachita zimenezo akhoza kuchotsedwa pa ntchito. Chotsalira chimene angakuonetseni ndi phiri ndi nyanja.

Komabe kung'ung'udza kwa akhristu kuli ndi pogwira, ndipo abusawo ayenera kukumva. Munthu amene akuona zithunzizo pa foni yake ku Mulanje, atatopa ndi kuthyola tiyi tsiku lonse, sangadziwe kuti dzulo lake abusa anachititsa maliro ndipo anagona ali okha m'nyumba yozizira. M'kalata yanuyo muwapemphe kuti miyezi itatu iliyonse azilembera mpingo kalata yofotokoza za sabata yawo, popanda kutchula mayina a anthu: kumene anapita, anthu a mtundu wanji amene anakumana nawo, ndi zimene akufuna kuti muziwapempherera. Kalatayo muziiwerenga m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza. Muwafunsenso ngati ali ndi mnzawo wolankhula naye Chichewa kumeneko, ndipo ngati alibe, akulu ampingo mugawane masabata kuti wina aziwaimbira foni Loweruka madzulo.