Filimu yachisoni, kapena yomvetsa chisoni?

Funso: Bambo, ine ndimalemba ndemanga za mafilimu pa Facebook. Nditaonera The Boy Who Harnessed the Wind ndinalemba kuti "ndi filimu yachisoni koma ili ndi uthenga wa positive." Amalume anga akuti Chichewa chimenechi n'chopunduka. Ndinalakwitsa pati? Ndine wowerenga wanu wa ku Mponela.

Yankho: Amalume anuwo ali ndi khutu labwino, muziwamvera.

Wachisoni ndi amene chisonicho chili mwa iye. Mayi woferedwa ndi wachisoni, nkhope yakenso ndi yachisoni. Filimu ilibe mtima woti n'kusweka, imangotimvetsa ife chisoni. Komabe sindikuimbani mlandu waukulu, poti pamaliro timanena "nyimbo zachisoni" popanda wotidzudzula. Chenjerani chabe: mukangoti "filimu yomvetsa chisoni", wina adzamva kuti anaijambula mwachisawawa, monga timanenera za msewu wa maenje. Lembani kuti nkhani yake ndi yomvetsa chisoni, kapena kuti ndi filimu yokhudza mtima.

Liwu lakuti chisoni limandikoka kwambiri. Chotsani chi- mutsala ndi soni, lomwe kwa Atumbuka ndi Ayao ndi manyazi. Ine ndimakhulupirira kuti tsinde lake ndi limodzi. Wamanyazi ndi wachisoni onse amazolika, maso pansi. Agogo anga aakazi akaona mwana wazolika ankafunsa kuti, "Walakwa kapena walakwiridwa?"

Ndiye pali kumva chisoni ndi kumvera chisoni. Filimu mwatchulayi, ya 2019, imene anaitsogolera Chiwetel Ejiofor, ili nazo zonse ziwiri. William Kamkwamba akuchotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, timamumvera chisoni, ndiye kuti tamuchitira chifundo ife tili pambali. Galu wake Khamba atafa m'nthawi ya njala, timamva chisoni limodzi naye. Amene anakhalako ku Kasungu m'chaka cha 2002 safuna womasulira pamenepo.

Koma "positive" uyu ndiye ndikumukana kwamtuwagalu. Kumudzi liwuli anthu analidziwira ku chipatala, poyezetsa magazi, ndipo silinabwere ndi chimwemwe. Mawu athu alipo, ochuluka. Madzi akayamba kutuluka m'chitsime ku Wimbe, kwawo kwa William ku Kasungu, mphepo ikuzunguza makina opopera madzi amene iye anapanga, chimene chimatigwira ndi chiyembekezo. Filimuyo ndi yolimbikitsa, yopatsa chiyembekezo, yolimbitsa mtima. Sankhanipo limodzi.

Poti mumalemba ndemanga, ndiwonjezepo ichi chimene simunafunse. Achinyamata ambiri akusokoneza kuthokoza ndi kuyamikira. Timathokoza munthu pa chimene watichitira, timayamikira luso lake. Mungayamikire wojambula zithunzi ngakhale simumudziwa. Opanga filimu akamalemba mayina kumapeto, a mafumu amene anawalola kujambula pamudzi ndi a amayi amene ankawaphikira, pamenepo akuthokoza.

Chiganizo chanu chija chikhale chotere: "Nkhani yake ndi yomvetsa chisoni, koma ndi yopatsa chiyembekezo." Kawawerengereni amalume anuwo.